Zimbale za Nyimbo za Classical Zimene Sinditopa Nazo

Nyimbo za classical, zomwe ambiri timangoziti nyimbo zakale za ku Ulaya, zili ndi khalidwe limodzi limene limazisiyanitsa ndi zimene timamva pa wailesi tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa amene anazipeka, monga Bach, Handel ndi Beethoven, anamwalira makina ojambulira mawu asanabwere, ndipo chimene anatisiyira ndi mapepala a manotsi basi. Pepala limalamula kuti liwu ili likwere, ili litsike, apa woimba afulumire, apo achepetse mawu, koma silinena kuti kufulumirako kufike pati, kapena kuti woimbayo apume nthawi yaitali bwanji asanayambe mzere wotsatira. Zonsezo zimatsalira munthu amene wagwira chida tsiku limenelo. N’chifukwa chake wokonda nyimbozi sakhutira ndi kungotchula dzina la nyimbo. Amawonjezerapo kuti amaikonda monga anaiimbira uje, m’chaka chakuti, mumzinda wakuti. Zimbale zimene ine ndimazibwerera kawirikawiri ndi zimene woimba amamvekamo yekha ngati munthu, wokhala ndi mpweya, msinkhu ndi maganizo ake, ngakhale zitakhala kuti zina mwa izo zili ndi zilema zimene katswiri wa zojambula wa masiku ano sangazilole.

Woyamba pa onse kwa ine ndi Pablo Casals, amene anabadwira ku Catalonia m’dziko la Spain mu 1876. Chida chake chinali cello, chomwe ndi mkulu wake wa vayolini, cha nsambo zinayi, chimene woimba amachigwira pakati pa mawondo atakhala pansi n’kumachikwecha ndi uta. Ali ndi zaka 13, Casals anapeza buku lakale m’sitolo yogulitsa mapepala a nyimbo mumzinda wa Barcelona, ndipo m’bukumo munali nyimbo zisanu ndi imodzi zimene Johann Sebastian Bach analembera cello yokha, popanda chida china chothandizira, cha m’ma 1720. Pa nthawi imene Casals ankazipeza, oimba ambiri ankaziona ngati zophunzirira kuyendetsa zala, zosayenera kuimbidwa zathunthu pamaso pa anthu. Iye anakhala nazo zaka zoposa khumi akuziimba payekha asanalimbe mtima kuimba imodzi yonse pagulu, ndipo anadikira mpaka atafika zaka pafupifupi 60 kuti azijambule. Anazijambula pakati pa 1936 ndi 1939, ku London ndi ku Paris, zaka zomwezo zimene kwawo kunali nkhondo yapachiweniweni.

Munthu akamva chimbalechi koyamba, chimene chimamufika m’khutu msanga ndi phokoso la kukalamba kwake. Nthawi imeneyo mawu ankalembedwa mwachindunji pa mbale ya phula, mbali imodzi inkangotenga mphindi zinayi kapena zisanu, ndipo panalibe njira yodulira pamene palakwika n’kulumikiza ndi pamene pali bwino. Choncho zimene tikumva ndi zimene zinachitikadi m’chipindamo, kuphatikizapo kukhuza kwa uta pa nsambo ndi malo ena amene liwu silinagwe pakati penipeni. Koma pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu khutu limaiwala phokosolo, ndipo chimene chimatsala ndi munthu amene akulankhula. Casals sasunga liwiro limodzi ngati wotchi. Amakhalitsa pa liwu loyamba la mzere, makamaka la pansi, kenaka n’kubweza nthawi imene anatengayo pofulumira pang’ono pa mawu otsatira, kotero kuti mzere uliwonse umakhala ndi poyambira, pokwerera ndi pothera ngati chiganizo cha munthu wodziwa kuyankhula pabwalo. Amakumbukiranso kuti zigawo zambiri za nyimbozi zinachokera ku magule, ndipo m’zigawo zothamanga mumamveka phazi likuponda pansi.

Gawo limene ndimalikonda koposa ndi lapang’onopang’ono la mu nyimbo yachisanu, lotchedwa Sarabande. Ndi lalifupi, ndipo Bach sanalembemo mawu awiri omveka pamodzi ngakhale pamalo amodzi. Ndi mzere umodzi wokha umene ukutsika, kukwera, n’kutsikanso, monga mmene kaligo wa nsambo imodzi amayendera m’manja mwa mkulu amene wakhala naye moyo wake wonse. Woimba alibe pobisala m’gawo lotere, chifukwa liwu lililonse lili pambalambanda, ndipo akalikometsera mopitirira muyeso chinyengo chake chimamveka nthawi yomweyo. Casals amaliimba molemera, mosathamangira kutitonthoza. Ambiri anajambula nyimbozi pambuyo pake ndi mawu oyera kuposa ake. Chimbale cha Pierre Fournier cha kumayambiriro kwa zaka za m’ma 1960 n’chaulemu ndi chodekha, ndipo Yo-Yo Ma anazijambula zonse katatu pa misinkhu yosiyana ya moyo wake. Ndimawamvetsera onsewa mokondwa, koma onse akuyenda m’njira imene Casals analambula.

Sindingasiyenso kutchula zimene anachita nkhondo ija itatha. Mkulu wa asilikali Francisco Franco atapambana mu 1939 n’kuyamba kulamulira Spain, Casals anakakhala ku Prades, tauni yaing’ono ya kummwera kwa France, ndipo nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, ataona kuti mayiko akuluakulu amusiya Franco pampando, analeka kuimba m’mayiko amene ankagwirizana ndi bomalo. Mu 1950, pokumbukira kuti patha zaka 200 Bach atamwalira, oimba anzake ndiwo anamulondola ku Prades komweko kukaimba naye. Anamwalira ku Puerto Rico mu 1973 ali ndi zaka 96. Mbiri imeneyi siisintha liwu ngakhale limodzi pa chimbale chija, koma kuuma mtima kwabwino kumene kunamuletsa kugonja pa ndale ndi komwe ndimakumva m’mene amagwirira uta.

Wachiwiri ndi Glenn Gould wa ku Toronto m’dziko la Canada, amene anajambula nyimbo imodzi ya Bach kawiri, koyamba poyamba penipeni pa ntchito yake ndipo kachiwiri kumapeto kwa moyo wake. Nyimboyo ndi Goldberg Variations, imene inasindikizidwa mu 1741. Imayamba ndi kanyimbo kodekha, kenaka pamabwera zigawo 30 zimene zonse zamangidwa pa mawu a pansi a kanyimbo kaja, ndipo pomaliza kanyimboko kamabwerezedwa monga kanalili. Gould anaijambula ku New York mu 1955 ali ndi zaka 22, ndipo chimbalecho chinamutchukitsa padziko lonse. Amaimaliza yonse m’mphindi zosakwana 40, chifukwa amathamanga kwambiri ndiponso sabwereza zigawo zimene Bach analemba kuti zibwerezedwe. Chodabwitsa n’chakuti pa liwiro loterolo palibe liwu limene limasokonekera ndi linzake. Dzanja lamanzere limamveka bwinobwino ngati lamanja, ndipo pamene mizere itatu ikuyenda nthawi imodzi munthu angathe kusankha umodzi n’kuutsatira mpaka kumapeto.

Mu 1964 Gould analeka kuimba pamaso pa anthu, ali ndi zaka 31 zokha, n’kudzipereka ku situdiyo, kumene ankatha kuimba gawo limodzi kangapo n’kusankha zidutswa zoti zilumikizidwe. Mu 1981 anabwerera ku nyimbo yomweyo, m’situdiyo yomweyo ya ku New York, ndipo ulendo uno inamutengera mphindi pafupifupi 51. Kanyimbo koyambirira kaja amakaimba pang’onopang’ono kwambiri, moti womvetsera amakhala akudikira liwu lotsatira. Iye mwini ankadandaula kuti m’chimbale choyamba zigawo zija zinali ngati tinyimbo tosiyanasiyana topanda chozigwirizanitsa, choncho m’chachiwiri anakonza kuti liwiro la gawo lililonse lichokere ku kugunda kwa gawo limene langotha kumene, ndipo nyimbo yonse imamveka ngati ulendo umodzi. Chimbalechi chinatuluka mu 1982, ndipo pa 4 Okutobala chaka chomwecho Gould anamwalira ndi sitiroko, patangopita masiku ochepa atakwanitsa zaka 50.

Okonda nyimbozi amatsutsana mpaka lero za chimbale chimene chimaposa chinzake, ndipo ine ndili kumbali ya cha 1981. Choyamba chija chimandisangalatsa, koma chachiwiri ndi chimene chimandionetsa mmene Bach anamangira nyumba yake. Wina angandifunse kuti ngati ndimafuna kumva munthu weniweni, ndikukonderanji chimbale chimene chinasokedwa kuchokera ku zidutswa. Yankho langa ndi lakuti kusankha zidutswazo kunalinso ntchito ya Gould mwiniwake, ndipo chimene anasankha chikutiuza maganizo ake momveka kuposa mmene usiku umodzi pa nsanja ukanachitira. Komanso pali chinthu chimodzi chimene akatswiri a makina analephera kuchichotsa. Gould ankang’ung’udza nyimbo chapansipansi akamaimba piyano, atakhala pa kampando kake kakafupi kamene bambo ake anamukonzera, ndipo mawu akewo amamveka m’chimbalemo, makamaka munthu akavala mahedifoni. Ena zimawanyansa, ndipo ndikuwamvetsa. Kwa iwo chimbale cha Murray Perahia cha mu 2000 chingawakomere, chifukwa piyano yake imaimba mosalala ndi mwachifundo. Koma ine kung’ung’udza kwa Gould kumandithandiza, popeza nthawi zambiri kumatsatira mzere wa mkati umene khutu langa likanauphonya.

Pali chimbale china cha cello chimene pafupifupi aliyense amachitchula, ndipo pa icho ndikufuna kukhalitsa pang’ono chifukwa chimadzutsa funso limene limandivuta. Edward Elgar wa ku England analemba nyimbo ya cello ndi gulu lonse la zida mu 1919, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangotha, iye ali ndi zaka zoposa 60. Kuimbidwa kwake koyamba ku London chaka chomwecho sikunayende bwino chifukwa gululo silinapatsidwe nthawi yokwanira yokonzekera. Mkazi wake anamwalira chaka chotsatira, ndipo Elgar sanamalizenso nyimbo ina yaikulu. Pakati pa oimba cello a m’gulu lija usiku woyambawo panali mnyamata wotchedwa John Barbirolli, ndipo ndi yemweyo amene mu 1965, atakhala wotsogolera wotchuka, anaima kutsogolo kwa gulu la zida la London Symphony Orchestra pamene Jacqueline du Pré, mtsikana wa zaka 20, ankajambula nyimboyi. Mawu oyamba enieni a cello, olemera ndi otambasuka, amatuluka ngati kuti chidacho chikung’ambika, ndipo kuyambira pamenepo du Pré sasunga kanthu kalikonse. Mu 1973 anapezeka ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, analeka kuimba ali ndi zaka 28, ndipo anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 42.

Vuto ndi lakuti ambiri akamamvetsera chimbalechi amamvamo matenda ndi imfa ya woimbayo, ngati kuti ankadzilira yekha pasadakhale. Koma mu 1965 du Pré anali wathanzi, wamphamvu, ndi wokonda kuseka, monga mmene zithunzi za kanema za nthawiyo zimaonetsera. Tikamamuveka chisoni chimene chinadza pambuyo pake, timamulanda ulemu wa luso lake, chifukwa chimene anachita ndi kulowa m’maganizo a nkhalamba yotopa ndi nkhondo iye ali pa chiyambi cha moyo, ndipo zimenezo zinatheka mwa nzeru ndi khama la zaka zambiri. Ndiponso si njira yokhayo yoimbira nyimboyi. Elgar mwiniwake anaitsogolera pojambula mu 1928, woimba cello ali Beatrice Harrison, ndipo iwo amayenda mofulumirapo, mosadziguguda pachifuwa, chisoni chawo chili chobisika ngati cha munthu amene sakufuna kuti alendo aone misozi yake. Ndikafuna kudziwa chimene Elgar ankaganiza ndimapita kwa Harrison. Koma chimene ndimachiika kawirikawiri ndi cha du Pré, makamaka chifukwa cha mphindi zomalizira, pamene nyimbo imaleka kuthamanga n’kubwerera ku gawo lapang’onopang’ono lija, cello ikutsika mpaka kutsala pang’ono kuzimiririka, isanadzukenso ndi mawu oyambirira aja.

Alipo ena amene anajambuladi akudwala, ndipo pa iwo muyeso wanga ndi womwewo: kodi chimbalecho chikanaima pachokha ndikanapanda kudziwa mbiri yake? Dinu Lipatti wa ku Romania anaimba piyano komaliza pagulu ku Besançon m’dziko la France pa 16 Seputembala 1950, atafooka kwambiri ndi khansa ya mtundu wa Hodgkin. Anaimba Bach, Mozart ndi Schubert, kenaka magule a waltz a Chopin, ndipo pa 14 amene anakonza anakwanitsa 13, mphamvu n’kumuthera. Anamwalira mu Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 33. Chimene chimandigwira mtima n’chakuti m’kuimbako mulibe kudzimvera chisoni ngakhale pang’ono. Bach wake ndi wopepuka, woyera, woyenda mwadongosolo, ndipo munthu wosadziwa kanthu angaganize kuti akumva mnyamata wosangalala m’mawa wa tsiku labwino. Pa muyeso uja Lipatti amapambana mosakayikitsa.

Kufika pa mawu a pakamwa, ife a kuno sitili alendo kwenikweni. Ambiri a ife Handel tinakumana naye m’tchalitchi tisanadziwe n’komwe dzina lake, pamene kwaya inkalimbana ndi Aleluya wa mu Messiah pa manotsi a d, r, m amene amishoni anabwera nawo, a soprano akukwera, a besi akuwayankha, kwayamasitala akubwezabweza mzere umodzi mpaka ukhale. Messiah inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ndipo Aleluya uja ndi kachigawo kochepa ka ntchito yotenga maola oposa awiri. Gawo limene ndimalifunafuna ine ndi la liwu la alto, lotengedwa pa Yesaya 53, lonena za munthu wonyozedwa ndi wokanidwa, wodziwa zowawa, ndipo palibe amene amandiimbira bwino kuposa Kathleen Ferrier. Mayiyu anabadwira ku Lancashire mu 1912, anasiya sukulu ali ndi zaka 14 n’kukagwira ntchito yolumikiza matelefoni, ndipo anayamba kudziwika ngati woimba atapambana mpikisano ku Carlisle mu 1937. Liwu lake linali lakuya ndi lofunda, ndipo mawu aliwonse ankawatchula momveka, mopanda kudzionetsera. Chimbale chake cha nyimbo za Bach ndi Handel anachijambula mu 1952 ndi wotsogolera Adrian Boult. Handel anaika mipata ya chete pakati pa mawu a mneneriyo, ndipo Ferrier saithamangira mipatayo. Amaisiya kuti igwire ntchito yake. A alto a m’makwaya athu, amene kawirikawiri amakhala pakati osaonekera, angapindule kumva chimene liwu lawo lingathe kunyamula likapatsidwa mpata.

Chaka chomwecho cha 1952 Ferrier anapita ku Vienna kukajambula Das Lied von der Erde ya Gustav Mahler, nyimbo zoimbidwa pa ndakatulo zakale za ku China zomasuliridwa m’Chijeremani, ndipo wotsogolera anali Bruno Walter, bwenzi la Mahler, yemwe ndiye anaitsogolera koyamba ku Munich mu 1911 mwini wake atamwalira kale. Gawo lomaliza ndi lotsanzikana, lotenga pafupifupi theka la ola. Ferrier anali akudwala khansa ya m’mawere, ndipo anamwalira mu Okutobala 1953 ali ndi zaka 41. Apa ndiyenera kunena chilungamo: mawu apamwamba amamuvuta pang’ono m’malo ena, ndipo alipo oimba ena amene anaijambula mosalala kuposa iye. Komabe mmene amatchulira mzere uliwonse, ngati munthu amene akukhulupirira zimene akunena, zimachititsa kuti ngakhale wosamva Chijeremani adziwe chimene chikuchitika.

Marian Anderson ndimamutchula mwaulemu wapadera. Mu 1939 bungwe la Daughters of the American Revolution linamukaniza kuimba mu holo yake ya ku Washington chifukwa anali wakuda, ndipo pa Pasaka, pa 9 Epulo, anakaimbira panja pa Lincoln Memorial pamaso pa anthu pafupifupi 75,000. Zimene zinajambulidwa tsikulo zilipo, ndipo amaimba Ave Maria wa Schubert ndi nyimbo zauzimu za akapolo a ku America ndi ulemu wofanana, osachepetsa imodzi pofuna kukweza inzake. Mu 1955 anakhala munthu wakuda woyamba kuimba gawo lalikulu ku Metropolitan Opera, nyumba ya opera (masewero oimbidwa) ya ku New York. Khomo limene anatsegula ndi limene Jessye Norman, wobadwira ku Augusta m’chigawo cha Georgia mu 1945, anadzalowera, ndipo chimbale cha Norman cha nyimbo zinayi zomaliza za Richard Strauss, chimene chinatuluka mu 1983 ndi gulu la Gewandhaus la ku Leipzig motsogozedwa ndi Kurt Masur, ndi chimodzi mwa zinthu zokongola kwambiri zimene ndinamvapo. Strauss analemba nyimbozi mu 1948 ali ndi zaka 84, ndipo sanakhale ndi moyo mpaka kuzimva zikuimbidwa. Masur amatenga liwiro lapang’onopang’ono kwambiri, moti nyimbo yomaliza imayandikira mphindi khumi, ndipo woimba wina aliyense mpweya ukanamuthera pakati pa mzere. Norman amaunyamula mzerewo wonse, liwu lake likukula kuchokera mkati mwa zida mpaka kuziphimba, popanda kukuwa. Otsutsa amati liwiro limeneli si limene Strauss ankafuna, ndipo mwina akunena zoona, koma ndikamvetsera ena othamangirapo ndimaona ngati andichotsera chakudya ndisanakhute. Masiku ano njira imene Anderson anatsegula ija yafika kufupi ndi kwathu, pakuti Pretty Yende wa ku Piet Retief ku South Africa amaimba m’nyumba zazikulu za opera za ku Ulaya ndi ku America, ndipo anaimba ku Westminster Abbey pa mwambo woveka ufumu Charles III mu 2023.

Kuti wina asaganize kuti ndimangokonda zachisoni ndi zapang’onopang’ono, chimbale chimene ndimapatsa munthu amene sanamvepo nyimbo zotere ndi cha Carlos Kleiber akutsogolera gulu la Vienna Philharmonic mu symphony (nyimbo yaitali ya gulu lonse la zida) yachisanu ya Beethoven, chojambulidwa mu 1974. Nyimboyi inaimbidwa koyamba ku Vienna mu Disembala 1808, ndipo mawu ake anayi oyambirira, atatu aafupi ndi limodzi lalitali, amadziwika ngakhale kwa anthu amene dzina la Beethoven sanalimvepo. Kudziwika kotereku n’kumene kumaipha, chifukwa magulu ambiri amaiimba ngati chinthu chimene aliyense akudziwa kale mathero ake. Kleiber, amene anabadwira ku Berlin mu 1930 n’kukulira ku Argentina banja lawo litachoka ku Germany wa Hitler, anali mwana wa wotsogolera wina wotchuka, Erich Kleiber. Ankatsogolera mwa apo ndi apo, ankafuna nthawi yochuluka yokonzekera, ankakana ntchito zambiri, ndipo pomwalira mu 2004 anasiya zimbale zochepa kwambiri poyerekeza ndi anzake. Wotsogolera satulutsa liwu lililonse, choncho n’zovuta kufotokoza chimene amachita, koma pa chimbale ichi ntchito yake imamveka poyera. Mawu anayi aja amagwa ngati chinthu chimene chachitika mwadzidzidzi, ndipo kuchokera pamenepo gulu lonse limayenda ngati thupi limodzi, mwaukali koma mosataya dongosolo. Chapakati pa gawo loyamba zonse zimaima, chitoliro cha oboe n’kuimba chokha kwa kanthawi kochepa, ndipo Kleiber amachipatsa mpata wokwanira kuti tione kuti mkati mwa mkuntho wonsewo muli munthu mmodzi amene akudandaula.

Malo amene ndimayesera chimbale chilichonse cha nyimboyi ndi mlatho wochoka m’gawo lachitatu kulowa m’lachinayi. Zida zonse zimatsika mpaka kunong’ona, ng’oma yokha ikugunda chapansipansi, mavayolini akufufuza njira, ndipo kenaka m’kanthawi kochepa mawu amakula mpaka malipenga onse kuphulika, kuphatikizapo ma trombone amene Beethoven anawasunga chete kuyambira pachiyambi kudikira mphindi imeneyi. Otsogolera ambiri amayamba kukuza mawu msanga, ndipo pofika pachimake amakhala atawononga kale mphamvu zawo. Kleiber amaugwira mtima mpaka kumapeto kwenikweni kwa mlathowo. Herbert von Karajan ndi gulu la ku Berlin, m’zimbale zimene zinatuluka mu 1963, ali ndi mawu onenepa ndi onyezimira kuposa awa, ndipo bambo ake a Kleiber anajambula nyimbo yomweyi ku Amsterdam mu 1953 mwamphamvu yofananako, koma kwa ine mwanayo ndiye amafika pamene ena amangoyandikira.

Popeza kwathu kuno gulu lathunthu la zida zoterezi silipezekapezeka, ambiri a ife nyimbozi timazimvera pa foni, ndipo pamenepa pali chinthu chimodzi chofunika kuchisamala. Sipika ya foni imameza mawu a pansi, ndipo mawu a pansi ndiwo maziko a zonse ndatchulazi: nsambo yokhuthala ya Casals, dzanja lamanzere la Gould, ndi ng’oma ija ya pa mlatho wa Beethoven, imene pa sipika yaing’ono simveka n’komwe. Mahedifoni, ngakhale otchipa, amabweza zambiri mwa zimenezi. Pofufuza pa intaneti ndi bwino kulemba dzina la woimba ndi chaka pamodzi ndi dzina la nyimbo, chifukwa mukalemba dzina la nyimbo lokha mudzapatsidwa chilichonse chimene chili pamwamba, nthawi zina chodulidwa pakati. Symphony yachisanu ya Kleiber imatenga mphindi zopitirira pang’ono 30, ndipo kawirikawiri imabwera pa chimbale chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri, imene anajambula ndi gulu lomwelo la ku Vienna patangopita nthawi yochepa. Mukamaliza yoyambayo, pitirizani ndi gawo lachiwiri la inayo.